C. Wright Mills: mphunzitsi amene adafunsa kuti mwini mphamvu ndani

Anthu a ku America amanyadira kuti amasankha okha atsogoleri awo. Koma mu 1956 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Columbia, mumzinda wa New York, adatulutsa buku lokayikira ngati voti ndiyo imayendetsadi dzikolo. Mkuluyu adali C. Wright Mills.

Mills adabadwa pa 28 Ogasiti 1916 ku Waco m'chigawo cha Texas, ndipo bambo ake ankagwira ntchito ya inshulansi. Adaphunzira pa yunivesite ya Texas, kenako ya Wisconsin, n'kukhala katswiri wa za kakhalidwe ka anthu. Adali wosiyana ndi aphunzitsi anzake: kuntchito ankapita pa njinga yamoto.

M'buku lakelo, The Power Elite, Mills adati nkhani zikuluzikulu monga za nkhondo ndi chuma zimagamulidwa ndi kagulu kochepa ka akuluakulu a makampani, a asilikali ndi a boma. Iye adati ambiri mwa anthuwa amachokera m'sukulu zofanana, amadziwana ndipo amasinthana mipando. Mkulu wa asilikali akapuma ntchito, mawa mumupeza akuyendetsa kampani.

Si onse adagwirizana naye. Robert Dahl wa pa yunivesite ya Yale adafufuza mzinda wa New Haven, ndipo mu 1961 adalemba buku la Who Governs? Iye adapeza kuti mphamvu ndi yogawikana: amene ankamveka pa nkhani za sukulu si omwe ankamveka pa zomanganso mzindawo. Otsatira Mills adayankha kuti nkhani za nkhondo sizigamulidwira ku New Haven.

Mu Januwale chaka chomwecho, potsanzikana ndi mtundu wake, Pulezidenti Dwight Eisenhower, yemwe adakhalapo mkulu wa asilikali, adachenjeza za kuopsa kwa ubale wa asilikali ndi makampani opanga zida.

Apa n'kuti Mills akudwala. Mu 1960 adapita ku Cuba, kumene adacheza ndi Fidel Castro, n'kulemba buku la Listen, Yankee lodzudzula momwe America inkachitira ndi dzikolo. Apolisi a FBI ankamulonda. Mu Disembala chaka chimenecho adadwala mtima atatsala pang'ono kukatsutsana ndi Adolf Berle pa wailesi yakanema.

Adamwalira pa 20 Malichi 1962 ali ndi zaka 45 zokha. Mpaka lero ophunzira za ndale amawerenga buku lake pamodzi ndi la Dahl, ndipo mtsutso wa awiriwa sudathe.