David Clement Scott ndi Calici ca ku Blantyre

Ambiri a ife aphunzitsi tidziwa dzina la David Clement Scott cifukwa ca buku lace lomasulira mau a Cimang'anja, limene linasindikizidwa m'caka ca 1892. Koma munthu ameneyu anasiyanso cinthu cina cosalowa m'kabati ya mabuku, ndico calici ca St Michael and All Angels ku Blantyre, m'dziko la Malawi. Nyumbayo yaima zaka zoposa 130, ndipo iri m'gulu la nyumba zakale zimene boma la Malawi liziteteza ndi lamulo.

Scott anabadwa ku Scotland m'caka ca 1853, naphunzira ku Edinburgh. Pamene anafika ku Blantyre m'caka ca 1881, anapeza mishoni ya mbiri yoipa. Amishoni oyamba, amene anakhala pamalopo kuyambira 1876, anadziyesa okha boma. Anakwapula anthu ndi cikoti, ndipo munthu wina anaphedwa ndi ciweruzo cao. Mbiriyi itamveka ku Scotland, mpingo unacotsa atsogoleriwo. Scott anatsata njira yina: anakamba milandu pabwalo pamodzi ndi mafumu monga mwa mwambo wa eni dziko, ndipo m'caka ca 1884 anapita kukaonana ndi Cikusi, mfumu ya Angoni, amene nkhondo yace inali kuopsya midzi ya kumeneko.

Nchito yomanga calici inayamba m'caka ca 1888. Scott sanaphunzire za mamangidwe pa sukulu iri yonse, ngakhalenso anthu amene anagwira naye nchito sanamangepo nyumba yotere ndi kale lonse. Panalibe pulani yathunthu yolembedwa pa pepala. Pofuna kumanga cipata cokhota pamwamba ngati uta, kapena cipilala, anali kuyamba asanja njerwa zouma popanda matope, nayang'ana ngati zakhala bwino, ndipo atakhutira anali kuziphwasula ndi kumanga zenizeni. Dothi analikumba pafupi pomwepo, naumba njerwa m'zikombole za matabwa, naziocha ndi nkhuni. Akuti njerwazo ziri za maonekedwe osiyana 81. Mphunzitsi amene anayang'anirapo ana poumba njerwa za nyumba ya sukulu, za cikombole cimodzi cokha, adziwa bwino kulemera kwace kwa nambala imeneyi. Calici cinatsegulidwa pa 10 May 1891, ndi nsanja zace ziwiri zosafanana, ndi denga lina lozungulira ngati mphika wobvundikira.

Mabuku ambiri anena kuti Scott anamanga calici. Mau amenewa ali oona pang'ono cabe. Iye anaganiza ndi kulangiza, koma manja amene anaponda dothi, kutema nkhuni, kukwera pamwamba ndi kuyala njerwa anali a Amang'anja, Ayao ndi anzao, ndipo maina ao sachulidwa kawirikawiri. Scott mwini sakadakana zimenezi, pakuti anakhulupira kuti Mwafrika angathe nchito iri yonse imene Mzungu aikhoza. Calici citatha, anasankha amuna asanu ndi awiri a m'dzikomo kuti akhale madikoni, nawapatsa udindo weniweni mu mpingo. Ena a iwo ndiwo Harry Kambwiri Matecheta ndi John Gray Kufa.

Maganizo otere sanakondweretse Azungu a minda, ngakhale amishoni anzace ena. M'nyuzi ya mishoni Scott anatsutsa zolanda malo a anthu, natsutsanso zakuti dzikolo liperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes, imene inadzalamulira dziko lathu lino kufikira 1924. Adani ace anamneneza ku Scotland, ndipo anafunsidwa mlandu. Mkazi wace anamwalira m'caka ca 1895, thupi lacenso linafooka, kotero kuti m'caka ca 1898 anacoka ku Blantyre, nchito natsala nayo Alexander Hetherwick. Pambuyo pace anatumidwa ku Kikuyu m'dziko la Kenya, kumene anamwalira m'caka ca 1907. Sanaone tsiku la m'caka ca 1911 pamene Matecheta anadzozedwa kukhala mbusa.

Nanga nyumbayo yakhala bwanji kufikira lero, pamene zinzace zambiri za zaka zomwezo zinagwa? Lamulo la boma lithandiza, koma lamulo silitseka pamene denga lidontha. Cimene casunga calici ca ku Blantyre ndico kuti anthu sanaleke kupempheramo. Mpingo wa CCAP ucigwiritsabe nchito, ndipo pamene pali anthu, ming'alu ioneka msanga, ciswe ndi udzu womera m'makoma sizipeza mpata. Komabe kukonza nyumba yotere sikufanana ndi kukonza kalasi. Njerwa imodzi ya maonekedwe acilendo ikafumbutuka, simungaigule m'sitolo. Pafunika mmisiri asemenso cikombole cace. Ndipo wothamangira kumata njerwa zakale zofewa ndi simenti yolimba aziononga, cifukwa cinyezi cisowa poturukira, njerwa niyamba kudyeka.

Ife a ku Zambia tiri ndi citsanzo ca mbali yina. Ku Mpulungu, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, kuli calici ca miyala ca Niamkolo, cimene a London Missionary Society anamanga m'zaka za 1895 ndi 1896, patangopita zaka zocepa cimalizikire ca Scott. M'caka ca 1908 amishoni anacokapo cifukwa ca nthenda ya kaodzera. Denga linatha, ndipo miyala ya pamwamba inayamba kugwa, kufikira boma linaika malowo m'manja mwa osunga zinthu zakale. Lero ayang'anira ndi a National Heritage Conservation Commission. Makoma ndi nsanja ziripo ndithu, koma wolowa m'katimo akakweza maso aona mitambo.