Galen, dotolo amene dzina lake lili mu ubongo wanu

Pakatikati pa ubongo wanu pali mtsempha waufupi umene umatulutsa magazi kuti abwerere kumtima. Madotolo amautcha mtsempha wa Galen, dzina la munthu amene anamwalira zaka zoposa 1,800 zapitazo.

Galen anabadwa m'chaka cha 129 ku Pergamon, m'dziko limene lero ndi Turkey. Ataphunzira zachipatala ku Smyrna ndi ku Alexandria, anabwerera kwawo mu 157 n'kukhala dotolo wa amuna omenyana ndi malupanga m'mabwalo a zisangalalo. Mabala awo ndiwo anayamba kumuonetsa zam'kati mwa thupi. Mu 162 anapita ku Rome, kumene pambuyo pake anakhala dotolo wa mfumu Marcus Aurelius.

Popeza kutumbula mtembo wa munthu sikunkaloledwa, iye ankatumbula anyani, nkhumba ndi ng'ombe. Anasonyeza kuti mitsempha yochokera kumtima imanyamula magazi, osati mpweya monga ankaganizira ambiri. Zina analakwitsa chifukwa nyama si munthu, ndipo zolakwikazo zinaphunzitsidwabe mpaka Andreas Vesalius atazikonza mu 1543. Galen anamwalira cha m'ma 216.

Lero dzina lake mudzalimva pa vuto losowa limene khanda limabadwa nalo. Mwachibadwa, magazi ochokera kumtima amadutsa kaye m'timitsempha tating'onoting'ono timene timachepetsa mphamvu yake. Pa vutoli timitsemphato palibe, choncho magazi amakhuthukira mwamphamvu mu mtsempha wa pamalo a mtsempha wa Galen, ndipo umafufuma. Mtima wa khanda umatopa ndi kupopa. Madzi a mu ubongo amalephera kubwerera bwino m'magazi, amadzadzana, mutu n'kuyamba kukula.

Mukaona mutu wa mwana ukukula mofulumira, liwombo lafufuma, mitsempha ya pamutu yatukuka, maso akuyang'ana pansi, kapena akupuma mobanika ndi kulephera kuyamwa, thamangirani kuchipatala. Si ufiti. Madzi m'mutu amabweranso ndi matenda ena monga oumitsa khosi, ndipo sikani ndiyo imasiyanitsa. Akatswiri amatseka njira zolakwikazo polowetsa kachubu kopyapyala mu mtsempha.

Galen ankadalira kuona ndi kuyeza yekha. Nanunso mukapita kusikelo, pemphani kuti ayeze mutu wa mwana ndi kulemba m'buku lake.