Levi Zililo Mumba

Levi Zililo Mumba (anamwalira mu Januwale 1945) anali mphunzitsi komanso mtsogoleri wa ndale ku Nyasaland. Anaphunzira ku Livingstonia, komwe pambuyo pake anaphunzitsa zamalonda. Mu 1912 anakhala mlembi wa North Nyasa Native Association, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ku Karonga.

Ngakhale anadutsa m'manja mwa amishoni, Mumba sankagwirizana ndi zoti munthu akaphunzira azinyoza miyambo ya makolo ake. Anathandiza kuyambitsa mpingo wa African National Church, womwe sunkathamangitsa amitala. Ankalimbikiranso kuti boma lilowererepo pa maphunziro a ana a m'midzi, lisangosiyira amishoni, ndipo mu 1933 analowa m'komiti yolangiza boma pa zamaphunziro.

Mu 1944 anasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress, koma anamwalira patangopita miyezi yochepa.