Nick Piantanida, Woyendetsa Lole Amene Anakwera ndi Baluni Koposa Anthu Onse a M'nthawi Yake

Kwathu kuno ku Kasungu dziko ndi lachigwa, ndipo tikafuna kuona minda ya fodya pansi pathu ngati mphasa zoyanika, timakwera phiri la Kasungu. Ine ndinakwerako kamodzi ndi anzanga a m'kalasi, ndipo poyang'ana pansi miyendo inandinjenjemera. Tsono ndifuna kukuuzani, anzanga owerenga, za munthu amene mantha otere sanawadziwe konse.

Nick Piantanida anabadwa m'chaka cha 1932, nakulira mumzinda wa Union City ku America. Ali ndi zaka 10 anadzipangira parachuti, namangirirapo mphaka, namponya kuchokera padenga la nyumba yosanja. Pambuyo pake anayesa iye mwini, nathyoka mkono. Atakula analowa usilikali, ndipo atatulukako anagwira ntchito zosiyanasiyana kufikira anakhala woyendetsa lole. Sanali munthu wa sayansi ayi. M'chaka cha 1963 anaphunzira kulumpha m'ndege, ndipo mtima wake unatengeka ndithu.

Masiku amenewo anthu awiri anali atachita zodabwitsa. Joseph Kittinger wa ku America analumpha m'baluni pa mapazi 102,800 m'chaka cha 1960, ndipo Yevgeni Andreyev wa ku Russia analumphanso m'chaka cha 1962. Onsewa anatumidwa ndi ankhondo a maiko awo. Piantanida anati awapambane pa yekha, napemphapempha ndalama ndi zipangizo kwa amakampani.

Pano ndiyenera kufotokoza kuopsa kwake. Ife ana a alimi tidziwa kuti m'balani yowotchera fodya mpweya wotentha umakwera kumwamba. Baluni yake inakwera mofananamo, koma m'kati mwake munali mpweya wopepuka wotchedwa helium. Munthu akamakwera, mpweya wopuma umacheperachepera, ndipo kumazizira koopsa, kuposa madigiri 50 pansi pa ziro. Akapitirira mapazi 63,000 madzi amawira ndi kutentha kwa thupi lokha, kotero kuti malovu a pa lilime amachita thovu. Chifukwa cha ichi wolumpha amavala chovala chotsekeka ponseponse, chopopedwa mpweya. Chikangoboka, amakomoka m'masekondi owerengeka. Pogwa napo pali ngozi ina: mpweya wom'gwira palibe, ndipo angathe kuzungulira ngati nguli kufikira magazi athamangira kumutu. Pyotr Dolgov, mnzake wa Andreyev, anafa tsiku lomwelo chifukwa galasi la chisoti chake linasweka.

Ulendo woyamba unali mu October 1965. Mphepo inang'amba baluniyo pa mapazi 22,700, iye nalumpha, natera padzala la mzinda wa St. Paul. Anthu ena anaseka.

Ulendo wachiwiri ndiwo umandimvetsa chisoni koposa. Pa 2 February 1966 ananyamuka ku Sioux Falls, nafika pa mapazi 123,500. Awa ndi makilomita oposa 37. Mutasanjikiza nsonga za Sapitwa 12 simungafikepo. Panalibe munthu anafikapo patali chotere ndi baluni. Anaimirira kuti alumphe, koma paipi yom'patsa mpweya inakana kumasuka pa chovala chake. Analimbana nayo ndi zala zouma m'magolovesi otupa, osatheka. Taganizani: zaka za kukonzekera, dziko lonse lili pansi pake, ndipo chom'letsa ndi kachitsulo kolowa m'dzanja! Anzake a pansi anadula kanyumba kake ku baluni, ndipo anatsika ali m'katimo. Popeza sanatsike ndi baluni yake, akuluakulu olemba mbiri ya zouluka sanam'werengere ulendowo.

Pamenepa ine ndi mnzanga wa m'chipinda chogona tinatsutsana usiku wonse. Iye ati mwamuna sabwerera m'njira. Ine nditi munthu wa mkazi ndi ana aakazi atatu, atapulumuka kawiri, akanayenera kukhala pansi. Komabe ndivomera kuti pamene ndinawerenga za kachitsulo kaja, nanenso mtima unafuna kuti ayesenso.

Anayesadi pa 1 May 1966. Ali pa mapazi 57,000 mpweya unatuluka m'chovala chake mwadzidzidzi. A pansi anamva phokoso lake pa wailesi, nadula kanyumbako msangamsanga, koma ulendo wotsika unali wautali. Anam'peza ali moyo, ubongo utawonongeka chifukwa chosowa mpweya. Anagona chikomokere miyezi inayi, namwalira pa 29 August 1966 ali ndi zaka 34.

Panapita zaka 46 munthu wina asanafike ndi baluni pamene iye anafika. Amene anapitirirapo ndi Felix Baumgartner, pa 14 October 2012, ndipo anali ndi madokotala ndi akatswiri ochuluka om'thandiza. Wolankhula naye pa wailesi tsikulo anali Kittinger yemwe uja, atakalamba.