Parakramabahu: mfumu imene inasunga madzi a mvula ku Polonnaruwa

Mlendo wofika pamabwinja a Polonnaruwa, m'dziko la Sri Lanka, amayamba kuona madzi asanaone njerwa. Pafupi ndi mzinda wakalewu pali damu lalikulu lotchedwa Parakrama Samudra, kutanthauza nyanja ya Parakrama, ndipo mpaka lero alimi a mpunga amathirira minda yawo ndi madzi ake. Mwini dzinalo ndi mfumu Parakramabahu Woyamba, amene analamulira chilumbachi kuyambira mu 1153 mpaka mu 1186.

Parakramabahu anabadwa cha m'ma 1123, pomwe chilumbachi chinali chogawika m'maufumu atatu olamulidwa ndi anthu apachibale amene sankamwerana madzi. Anayamba ndi kulamulira chigawo cha Dakkhinadesa, kenaka anamenyana kwa zaka zambiri ndi Gajabahu Wachiwiri wa ku Polonnaruwa mpaka mpandowo unakhala wake.

Dera la Polonnaruwa ndi louma. Mvula imagwa yambiri m'miyezi yochepa, kenaka dzuwa limaswa mtengo. Buku lakale la mbiri ya mafumu a dzikolo, Culavamsa, limanena kuti mfumuyi sinkafuna kuti madzi a mvula, ngakhale ochepa chabe, akathire m'nyanja asanathandize munthu. Choncho inalumikiza madamu ang'onoang'ono akale ndi khoma limodzi ladothi lotalika makilomita oposa 10, ndipo inakumbitsa ngalande yopatutsa madzi a mtsinje wa Amban Ganga kuti damulo lisamadalire mvula yokha. Inakonzetsanso madamu ndi ngalande zambiri zimene zinagumuka m'nthawi ya nkhondo. Mlimi amene kale ankangoyang'ana kumwamba tsopano ankatha kubzala mpunga ngakhale m'chilimwe.

Pachipembedzo, mfumuyi inapeza amonke a Chibuda atagawika m'magulu atatu, ena mwa iwo ali ndi akazi ndi ana, zomwe malamulo awo amaletsa. Mothandizidwa ndi mkulu wa amonke Mahakassapa, inagwirizanitsa maguluwo ndi kuchotsa osamvera. Malamulo atsopanowo analembedwa pathanthwe la Gal Vihara, pomwe amisiri anasemapo zifaniziro zinayi. Chachikulu, cha Buddha atagona chammbali, n'chotalika pafupifupi mamita 14. Ngakhale munthu wa chipembedzo china amafika pamenepa n'kutsitsa mawu.

Koma Parakramabahu sankakhutira. Anathira nkhondo chigawo cha Ruhuna, komwe mfumukazi Sugala ankasunga dzino limene Abuda amakhulupirira kuti ndi la Buddha, chizindikiro cha ufumu wa chilumba chonse, ndipo analilanda. Anatumiza zombo zankhondo ku Burma atakangana ndi mfumu ya kumeneko pa malonda a njovu ndi kuzunzidwa kwa akazembe ake. Choopsa kwambiri chinali kulowerera mkangano wa ufumu wa Pandya kummwera kwa India. Mkulu wa asilikali ake, Lankapura, anapambana poyamba, koma nkhondoyo inakoka zaka zambiri ndipo inatha asilikali a Chola atawagonjetsa. Olemba mbiri yakale anamutamanda kwambiri, komatu chuma chonse chopita kunkhondozi chinkachoka m'nkhokwe za alimi omwewo amene anawapatsa madzi.

Anamwalira mu 1186 osasiya mwana wolowa ufumu. Mphwake Vijayabahu Wachiwiri anaphedwa atangolamulira chaka chimodzi, ndipo mpandowo unayamba kusinthana manja pafupipafupi. Mu 1215, Magha wa ku Kalinga anaukira mzindawo ndi kuufunkha. Mafumu otsatira anasamukira kummwera chakumadzulo, nkhalango n'kumeza Polonnaruwa kwa zaka mazana ambiri. Bungwe la UNESCO linaika mabwinjawa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1982.

Nyumba yachifumu ya Parakramabahu, imene Culavamsa imati inali ya nsanjika zisanu ndi ziwiri ndi zipinda 1,000, inapsa ndi moto. Otsala ndi makoma okhuthala a njerwa, okhala ndi mabowo momwe munkalowa mitanda yochirikiza nsanjika zam'mwamba, ndipo anyani ndiwo amakwerapo masiku ano.