Bruce Kingsbury, msilikali amene anapulumutsa gulu lake pa Isurava

Pa 29 Ogasiti 1942, m'nkhalango za ku Papua, msilikali wamba wa dziko la Australia, Bruce Steel Kingsbury, anathamangira adani ndi mfuti ya ciwaya pamene likulu la gulu lake linali pafupi kulandidwa. Anafa tsiku lomwelo ali ndi zaka 24. Pambuyo pake anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, ulemu waukulu koposa umene unali kuperekedwa kwa asilikali a Britain ndi a maiko a Commonwealth cifukwa ca kulimba mtima pankhondo.

Kingsbury anabadwira mu mzinda wa Melbourne pa 8 Januwale 1918. Atate wake anali ndi bizinesi yogulitsa nyumba ndi malo. Mnyamatayo anayesako nchito imeneyi, koma mtima wake unali kumafamu. Motero anakagwira nchito za ulimi m'zigawo za Victoria ndi New South Wales pamodzi ndi bwenzi lake la paubwana, Allen Avery.

Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itabuka, iye analembetsa usilikali mu Meyi 1940. Poyamba anaikidwa m'gulu la 2/2nd Pioneer Battalion, koma atadziwa kuti Avery ali m'gulu la 2/14th Battalion, anapempha kuti asamutsidwe. Anyamata awiriwa anatumizidwa ku Middle East kumapeto kwa caka comweco. Mu 1941 anamenya nkhondo ku Syria ndi ku Lebanon polimbana ndi asilikali a boma la Vichy la ku France, ndipo pa nkhondo ya ku Jezzine Avery anavulala nalandira mendulo ya Military Medal.

Dziko la Japan litalowa m'nkhondo mu Disembala 1941, gululi linaitanidwa kuti libwerere kwao kukateteza Australia. Pa 21 Julayi 1942 asilikali a Japan anakoceza pafupi ndi Gona ndi Buna, kugombe la kumpoto kwa Papua, dera limene panthawiyo linali m'manja mwa Australia. Colinga cao cinali kulanda doko la Port Moresby, kumene ndeke zao zikanafika mosabvuta kumpoto kwa Australia. Njira imene anasankha inali ya Kokoda, kanjira ka miyendo ka makilomita 96 kodutsa mapiri a Owen Stanley. Galimoto sizinali kupitako. Cakudya ndi zipolopolo zinali kusenzedwa ndi amuna a ku Papua, amenenso anali kunyamula ovulala pamacira.

Kwa mwezi wathunthu, amene anacedwetsa adaniwo anali anyamata a gulu la 39th Battalion, amene ambiri anali asanaonepo nkhondo. Gulu la Kingsbury linayamba kufika pamudzi wa Isurava pa 26 Ogasiti ndipo linawapeza atafooka ndi njala, matenda ndi mvula. Asilikali a Japan, motsogozedwa ndi Tomitaro Horii, anaukira malowo usana ndi usiku.

Pa 29 Ogasiti adaniwo anaboola mzere wa citetezo kudzanja lamanja nayandikira likulu la gululo. Likulu likanagwa, asilikali a Australia akanagawika pakati ndi kutsekeredwa njira yobwerera. Kagulu ka Kingsbury kanali katatha pafupifupi konse, ena atafa ndipo ena atavulala. Ngakhale zinali tero, iye anadzipereka kulowa m'kagulu kena kamene kanalamulidwa kubweza adaniwo. Avery analinso momwemo.

Pamene Lindsay Bear, amene anali ndi mfuti ya ciwaya ya mtundu wa Bren, anafooka ndi mabala, Kingsbury anaitenga. Mfuti imeneyi imalemera makilogalamu oposa 10 ndipo kawirikawiri msilikali amaiombera atagona pansi. Iye anaigwirira m'ciuno, naombera akuthamangira kutsogolo pakati pa zipolopolo za adani. Anapha ndi kuvulaza ambiri, otsalawo anabwerera m'nkhalango, ndipo anzake anatenganso malo amene analandidwa. Ataima pafupi ndi thanthwe lalikulu, msilikali wa Japan amene anabisala anamuombera cipolopolo cimodzi. Avery anam'senza kupita naye kwa dokotala wa gululo, koma moyo unali utacoka kale.

Nkhondo ya pa Isurava siinathe ndi cipambano ca Australia. Tsiku lotsatira asilikaliwo anayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo anapitiriza kutero mpaka pa phiri la Imita, pafupi ndi Port Moresby. Koma anabwerera akumenyabe nkhondo, ndipo masiku amene adani anataya m'njira anawathera cakudya ndi mphamvu. Kumapeto kwa Seputembala asilikali a Japan anayamba kubwerera kumpoto, ndipo pa 2 Novembala 1942 asilikali a Australia analandanso mudzi wa Kokoda.

Mendulo ya Kingsbury inalengezedwa mu Febuluwale 1943. Iye anali msilikali woyamba kulandira Victoria Cross cifukwa ca nkhondo yomenyedwa m'dera lolamulidwa ndi Australia. Manda ake ali ku Bomana, pafupi ndi Port Moresby, ndipo dera lina la mu mzinda wa Melbourne linapatsidwa dzina lake.

Mu Ogasiti 2002 nduna yaikulu ya Australia ya panthawiyo, a John Howard, ndi mnzao wa ku Papua New Guinea, a Michael Somare, anatsegula cikumbutso ca nkhondoyi pa Isurava. Pamalopo anaimikapo zipilala zinayi za mwala wakuda zoimira kulimba mtima, kupirira, ubwenzi ndi kudzipereka. Capafupi pali thanthwe limene Kingsbury anagwerapo, ndipo limadziwika ndi dzina lake.