Louis Braille, Amene Anatsegulira Akhungu Mabuku

Pa tsiku la 4 Januwale anthu a m'maiko ambiri akumbukira munthu wakhungu wa ku France, dzina lace Louis Braille. Ndiye amene anapeza njira imene akhungu awerengera ndi kulembera kufikira lero lino, ndipo njirayo ichedwa ndi dzina lace.

Anabadwa tsiku lomwelo m'caka ca 1809, m'mudzi wa Coupvray, kum'mawa kwa mzinda wa Paris. Atate wace anali mmisiri wosoka zikopa zomangira akavalo. Mwanayo ali ndi zaka 3 analikusewera m'nyumba ya nchito ya atate wace, nadzilasa m'diso ndi citsulo cosongoka. Bala linanyeka, nthenda nilowa m'diso linzace, ndipo pofika zaka 5 sanathenso kuona konse.

Masiku amenewo akhungu ambiri anali opemphapempha m'miseu. Koma akubala Louis sanamtaye mtima, kapena kumbisa kuseri kwa nyumba. Wansembe wa m'mudzimo, Jacques Palluy, anayamba kumphunzitsa, nampempherera malo m'sukulu ya pamudzi, kumene anaphunzira ndi makutu okha pakati pa ana openya. Mu 1819, ali ndi zaka 10, anamuka ku Paris ku sukulu ya ana akhungu imene Valentin Haüy anaiyamba.

Kumeneko anapeza mabuku owerengeka, akuru ndi olemera. Malemba ace anali omwewo a anthu openya, koma otundumuka pa pepala, kuti cala ciwalondole limodzi limodzi. Kuwerenga kunali kocedwa ndithu, ndipo mwana sanathe kulemba yekha malemba otere. Mu 1821 inafika pa sukulupo njira yina ya Charles Barbier, amene kale anali msilikari, yolemba ndi timadontho totundumuka. Koma cizindikilo cimodzi cinafika timadontho 12, tocuruka koposa nsonga ya cala.

Louis anasinkhasinkha za ici zaka zitatu, alikuboola mapepala usiku anzace ali m'tulo. Mu 1824, ali mnyamata wa zaka 15, anatsiriza njira yace. Anacepsa timadonthoto tikhale 6, m'mizere iwiri yoimirira, mzere uli wonse titatu, kuti tonse tikwane pansi pa cala cimodzi. Posinthasintha malo ace paturuka zizindikilo 63, zokwanira malemba onse, ciwerengero ndi nyimbo zomwe. Cokoma coposa ndi ici, kuti wakhungu akhoza kulemba yekha ndi kacitsulo kosongoka, nawerenganso cimene walemba. Buku lofotokoza njirayi linasindikizidwa mu 1829.

Atakula anakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo, naimbanso limba m'macalici a m'Paris, pakuti anali Mkristu wopembedza. Ana anaikonda njira yace, koma akuru ena openya anaikana, ndipo panali nthawi imene inaletsedwa pa sukulupo. Iye sanaleke kuphunzitsa, cinkana cifuwa cacikuru cinamsautsa zaka zambiri. Anamwalira pa 6 Januwale 1852, ali ndi zaka 43, asanaone zipatso zonse za nchito yace. Sukulu yace inabvomereza njirayo mu 1854. Mu 1952 mafupa ace anasamutsidwira ku Panthéon, kumene aika anthu omveka a dziko la France, koma a manja ace anatsala kwao ku Coupvray.

Mbeu imeneyi inafikanso kwathu kuno. Mu 1905 Mai Issie Hofmeyr, mkazi wa mtumiki wa misyoni ya Dutch Reformed Church, anayamba kuphunzitsa akhungu pa Magwero, pafupi ndi Chipata. Atamwalira iye, Mai Ella Botes anapitiriza nchitoyo, ndipo mu 1955 panatsegulidwanso sukulu ya ana ogontha. Pambuyo pace ku Chilenje, mu Lusaka, kunakhazikitsidwa nyumba ya mabuku a akhungu. Tero wakhungu wa kwathu akhoza kudziwerengera yekha Mau a Mulungu, osalindira wina womwerengera.

Abale, m'midzi mwathu akalipo ana akhungu ndi ogontha amene angokhala pakhonde anzao akumuka ku sukulu. Ena ayesa kuti analodzedwa, ena acita nao manyazi. Tikumbukire kuti pamene ophunzira anafunsa Ambuye za munthu wobadwa wakhungu, Iye sanaika mlandu pa munthuyo kapena pa akumbala. Louis anathandizika cifukwa atate ndi amai ace analola kumtuma kutari, ndi mtumiki wa Mulungu anagogoda pa makomo m'malo mwace. Akuru a mpingo awerenge ana otere m'dera lao caka cino, afunse kwa mbusa kapena kwa mphunzitsi wamkuru za sukulu yowayenera, ndipo mpingo usonkhe ndarama za ulendo ndi zobvala, kuti mwana asatsale cifukwa ca umphawi wa akumbala.